Patitaimu ya K45,000 pamwezi: ndimulipirire mwana wa Fomu 4 kapena ndisiye?

Mayi a ku Chibavi: Moni nonse m'gulu muno. Nkhani iyi yandisowetsa tulo sabata yonse. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 pa CDSS ina kuno ku Mzuzu ndipo alemba MSCE chaka chino. Chingerezi ndi Bayoloje amayesetsa, koma masamu teremu yathayi anapeza malikisi 31, Kemisitili ndiye sanafune n'komwe kundionetsa pepala. Ku Katoto kuli mphunzitsi wina amene amaphunzitsa patitaimu kuyambira 3 koloko mpaka 5 madzulo, komanso Loweruka m'mawa. Akuti K45,000 pamwezi pa masamu, Fizikisi ndi Kemisitili, koma poyamba ndipereke ya miyezi iwiri. Ine geni yanga ndi ya tomato ndi anyezi mumsika waukulu, bambo ake anatisiya mu 2019. K90,000 imeneyo ndiye kuti ndikatenge ku banki m'khonde. Amene munalipirirapo ana, ndiuzeni zoona, zimathandiza?

Bambo a ku Mchengautuwa: Amayi, musayerekeze. Ine mpaka lero mtima umandiwawa. Chaka chatha ndinapereka K120,000 ya teremu yonse kwa munthu wina amene ankadzitcha katswiri wa masamu. Tsiku lina ndinangoti ndikaone, ndinapeza ana opitirira 60 atapanikizana m'kachipinda ka tchalitchi, ena atakhala pa njerwa, bolodi lake laling'ono ngati thireyi ya mazira. Iye anabwera masabata awiri okha, kenako anayamba kutumiza kamnyamata komwe nakonso kanali katangolemba kumene Fomu 4. Mwezi wa Meyi foni inazima. Mwana wanga masamu anapeza giredi 8. Ndalama imeneyo inali ya feteleza.

Wa Sacramento (wa kabaza): Musaiwale thiransipoti amayi. Chibavi mpaka Katoto ndi K1,500 kupita kokha, kubwera winanso. Mukaphatikiza mwezi wonse, ine ndidya zambiri kuposa mphunzitsiyo kkkk

Achemwali a ku Zolozolo: K1,500 ya chiyani achimwene? Dzulo lomweli ndakwera ndi K1,000.

Wa Sacramento: Munakwera kulibe mvula. Bwerani kukagwa chiperoni cha mu Juni muone.

Bwana wa ku Kaning'ina: Vuto lake anthu mumafuna zotchipa kenako muzidandaula. Ine wanga ndinkalipira K150,000 pamwezi, mphunzitsi ankabwera kunyumba katatu pasabata, mwana m'modzi mphunzitsi m'modzi. Anapeza mapointi 11, pano ali ku MUBAS akupanga za uinjiniya. Wachiwiri ali Fomu 2 ndamuyambitsa kale kuti JCE isamuvute. Maphunziro ndi ndalama, palibe kuchitira mwina.

Achemwali a ku Zolozolo: Bwana, mwana wanuyo si uja anali pasukulu yogonera ya labu ndi laibulale? Akanakhoza ngakhale popanda patitaimu. Mayiwa akunena za CDSS.

Bwana wa ku Kaning'ina: Anzake a kalasi imodzi ena anapeza 28. Ndiye kusiyana kwake kunachokera kuti?

Bambo a ku Mchengautuwa: Kunachokera m'mutu mwa mwana. Aphunzitsi a patitaimu onse ndi amodzi, amangowerenga mitu ya ana ngati mbuzi pamsika.

Mphunzitsi Wopuma: Ayi bambo, pamenepo mwapitirira. Ndaphunzitsa masamu kusekondale zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndiloleni ndilankhule motalikirapo. Amayi a ku Chibavi, choyamba dziwani chimene mukugula. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9 pa phunziro lililonse. 1 ndi 2 ndi kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi amene anthu amanyadira aja amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa. Kuti NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, imuganizire pa masankho a ku Mzuni, UNIMA, LUANAR, MUST, MUBAS kapena KUHeS, afunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chikhalemo. Ndiye funso langa ndi ili: mwanayu akulemba maphunziro angati, ndipo asanu ndi limodzi amene ali nawo mphamvu ndi ati? Ngati Fizikisi siili m'gulu limenelo ndipo sakufuna unamwino kapena uinjiniya, mukulipiriranji atatu? Masamu okha ndiwo sindingakuuzeni kuti muwasiye, chifukwa mapulogalamu ambiri amawafuna. Ndipo 31 ija ikhoza kukwera m'miyezi inayi. Ana ambiri amene ndinawaona akupeza malikisi otere vuto silinali la Fomu 4, linali la Fomu 1 ndi 2: kuchotsera manambala a negetivu, mafulakishoni, kusamutsa x mbali ina ya ikwezhoni. Mwana wotere mukamuika m'chipinda cha ana 60 momwe mphunzitsi akuthamanga ndi thirigonometile, amangokopera notsi n'kubwera kunyumba atatopa. Amafunika munthu woti akhale naye pansi, amuone akulemba, amugwire dzanja pomwe akulakwitsa.

Mayi a ku Chibavi: Zikomo aphunzitsi. Akulemba asanu ndi atatu. Iye amati akufuna unamwino.

Mphunzitsi Wopuma: Ndiye sayansi ndi masamu sizithawika. Koma kafunseni mphunzitsiyo zinthu ziwiri: ana alipo angati, ndipo amachonga yekha ntchito ya mwana aliyense kapena ayi. Kemisitili ilinso ndi mayeso a mu labu. Ngati alibe ngakhale byureti (chipangizo choyezera cha mu labu) imodzi yoti mwana agwire, akuphunzitsa theka chabe.

Wa ku Mzuni Chaka Chachitatu: Ife ophunzira pa Luwinga timaphunzitsa K15,000 phunziro limodzi pamwezi, kunyumba kwanu komweko. Ine ndikupanga za uphunzitsi wa sayansi. Masamu ndinapeza 1. Ndilembereni kumbali amayi.

Achemwali a ku Zolozolo: Mwayamba malonda m'gulu.

Wa ku Mzuni Chaka Chachitatu: Si malonda, ndikuthandiza. Lendi ya hositelo yakunja siilipira yokha.

Anganga a ku Masasa: Ine ndinene chimodzi, ena akwiye akwiye. Mwana wamkazi wa zaka 17 musamusiye m'nyumba ndi mnyamata awiriwiri, mayi ali kumsika mpaka mdima. Sindikunena za mwana wa ku Mzuni uyu, sindikumudziwa. Koma kwathu kuno tinaonapo patitaimu itabala mdzukulu. Ngati n'kotheka pezani mtsikana mnzake wa ku koleji, kapena aziphunzirira pakhonde pooneka, ndi anzake awiri atatu.

Wa ku Mzuni Chaka Chachitatu: Agogo mwanena zoona, sindikutsutsa. Atsikana a m'kalasi mwathu aliponso amene amaphunzitsa.

Mlongo wa ku Ching'ambo: Koma anthu inu laibulale munaiwala? Nthambi ya National Library Service ili m'tauni momwemu. Ine ndinalemba MSCE kawiri. Ulendo woyamba ndinali ndi patitaimu, ndinapeza mapointi 34. Ulendo wachiwiri ndinalowa open, madzulo, m'mawa ndinkakhala ku laibulale ndi anzanga anayi. Tinasonkherana n'kufotokopa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, aliyense ankatenga mutu umodzi kukaukonzekera n'kudzaphunzitsa anzake. Ndinapeza 19. Zonse pamodzi sindinawononge ngakhale K20,000. Mafunso a MANEB amabwerera, amangosintha manambala ndi kafunsidwe. Mwana akalemba mapepala a zaka zisanu ndi wotchi patsogolo, mantha amatha.

Bwana wa ku Kaning'ina: K20,000 imeneyo inali ya chaka chiti? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chinakwera. Pano fotokope tsamba limodzi ndi K150.

Mlongo wa ku Ching'ambo: Pafupi ndi depoti ndi K100. Ndipo mapepala ambiri akuyenda pa WhatsApp ulere.

Wa Sacramento: Ulere wake uti, bandulo amakugulirani ndani?

Mayi a ku Chibavi: Foni yanga ndi yomwe ndimalandirira Airtel Money kumsika, sindingamusiyire. Ndipo gulu la anzake ndinayesapo, ankangokamba nkhani ndi kulukana tsitsi.

Mlongo wa ku Ching'ambo: Ndiye anasankha anzake olakwika. Gulu lisapitirire anthu asanu, ndipo pakhale m'modzi wodziwa kuposa enawo.

Mphunzitsi wa pa CDSS: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma mawu a bambo a ku Mchengautuwa andipweteka. Ine ndimaphunzitsa patitaimu ndipo sindichita nazo manyazi. M'kalasi mwanga m'mawa muli ana oposa 90, piriyodi ndi mphindi 40, buku limodzi ana asanu. Ndingachonge bwanji makope onsewo tsiku lililonse? Madzulo ndimatenga ana 15 okha, K12,000 aliyense pa masamu, ndipo ndimadziwa dzina la aliyense ndi pomwe amagwa. Malipiro a boma amatha pa 10, ndili ndi ana anga nanenso. Akuba alipo, inde, koma musatiphatikize.

Bambo a ku Mchengautuwa: Nanga zija mumasiya mitu ina dala m'kalasi kuti ana akubwerereni madzulo ndi ndalama?

Mphunzitsi wa pa CDSS: Ine sindinachitepo.

Mphunzitsi Wopuma: Inu mwina ayi, koma ena amachita, ndinawaona ndi maso anga. N'chifukwa chake ine ndimati mwana asamachite patitaimu kwa mphunzitsi yemweyo amene amamuphunzitsa m'mawa. Ngati sanamve kafotokozedwe kake 8 koloko, 4 koloko adzamva chifukwa chakuti mwalipira?

Mphunzitsi wa pa CDSS: Adzamva chifukwa madzulo ali 15, osati 90. Pamenepo sitigwirizana akuluakulu.

Achemwali a ku Zolozolo: Taonani mitengo yake tsono. Uyu K12,000, uyu K15,000, wa ku Katoto K45,000 atatu, bwana K150,000. Mnansi wanga akulipira K25,000 maphunziro onse ku Chiputula. Mtengo weniweni ndi uti?

Wa Sacramento: Amayang'ana nsapato za kholo kaye asanatchule mtengo.

Mnyamata wa ku Area 1B: Bwanji osangodikira Juni? Pamakhala anthu amagulitsa likasa K10,000 pepala, basi nkhani yatha.

Adimini: Achimwene, uthenga wotere ukabweranso ndikuchotsani. Mwaiwala 2020? Mayeso a MSCE anabedwa, boma linawathetsa ali mkati, ana onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Kupezeka ndi likasa ndi mlandu wa kupolisi, ndipo zotsatira za mwana zimafafanizidwa.

Mlongo wa ku Ching'ambo: Komanso ambiri ogulitsawo amangotenga pepala lakale n'kusintha chaka pamwamba. Msuweni wanga anatumiza ndalama pa Mpamba, analoweza mayankho usiku wonse, m'mawa palibe funso ndi limodzi lomwe linabwera.

Mnyamata wa ku Area 1B: Ndimangocheza ine.

Anganga a ku Masasa: Nkhani ya tsogolo la mwana wa mnzako si yochezera.

Bwana wa ku Kaning'ina: Amayi a ku Chibavi, ine ndingoti lipirani. K90,000 ndi yochepa poyerekeza ndi kubwereza chaka chonse, fizi, yunifolomu, ndalama ya mayeso. Mwana akadzakhala namwino pa chipatala cha Central adzakubwezerani.

Bambo a ku Mchengautuwa: Kwa inu ndi yochepa. Banki m'khonde ili ndi chiwongoladzanja, tomato akavunda sabata imodzi mayiwa adzabweza ndi chiyani? Ine ndinakolola matumba anayi okha chaka chimene chija chifukwa cha nkhani yomweyi.

Mayi a ku Chibavi: Kwathu ndi 20 peresenti pamwezi. Ndiye K90,000 ikhala K108,000 mwezi umodzi wokha. Ndimawerengera zimenezi usiku uliwonse.

Achemwali a ku Zolozolo: 20? Ife ndi 10. Samukani gulu amayi.

Mphunzitsi Wopuma: Chimene sindikuchikonda ndi cha miyezi iwiri yoyambirira. Mphunzitsi wodzidalira amalola mwana kukhala nawo tsiku limodzi kapena awiri kuti aone, ndipo amalandira pamwezi. Komanso m'funseni mwanayo. Tonse tikulankhula pano, mwini wake sitinamumve.

Mayi a ku Chibavi: Ndabwerako, ndinali ndikuphika. Ndakhala naye pansi monga mwanenera aphunzitsi. Akuti Fizikisi amaimva akawerenga yekha, chomwe chimamulepheretsa ndi masamu ake a m'katimo, ndipo ku Kemisitili ndi mawerengero a mamolo. Analira pondiuza kuti m'kalasi amaopa kufunsa chifukwa anyamata amaseka. Zimenezi sindinkazidziwa, zaka zinayi zonsezi. Ndamuimbiranso wa ku Katoto uja. Akuti masamu okha ndi K25,000, sangatsitse, ndipo za miyezi iwiri sasintha. Nditafunsa kuti ana alipo angati anati "ochepa" basi, nambala sanatchule.

Bambo a ku Mchengautuwa: Mwaona? Wanga uja ankayankhanso choncho.

Bwana wa ku Kaning'ina: Kapena munthuyo anali otanganidwa. Aphunzitsi abwino amakhala ndi ana ambiri chifukwa ndi abwino.

Mphunzitsi wa pa CDSS: Ine malo anadzaza, ndikanamutenga. Koma mamolo ndi nkhani ya masabata awiri ngati masamu ake akhazikika.

Wa ku Mzuni Chaka Chachitatu: Ndalankhula ndi mnzanga wamkazi wa chaka chachinayi, akuti akhoza K18,000 masamu ndi Kemisitili ngati pangapezeke ana atatu. Koma mu Epulo akhala ndi mayeso ake, masabata awiri sadzabwera.

Mlongo wa ku Ching'ambo: Ndiye masabata awiri amenewo apite ku laibulale.

Mayi a ku Chibavi: Loweruka ndisiyira mnzanga benchi ndipite ku Katoto ndekha ndikawerenge mitu ya ana ndi maso anga. Mtsikana wa ku Mzuniyo abwere Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, aphunzitse ine ndili pomwepo. Ndalama sindinatenge kaye. Alipo wa ku Chibavi kapena Chiputula amene ali ndi mtsikana wa Fomu 4 woti tiphatikizane?

Achemwali a ku Zolozolo: Wanga ali Fomu 3, mungamulole?

Bambo a ku Mchengautuwa: Mukapita ku Katoto musanene kuti mukubwera. Akadziwa amabisa ana ena.

Wa Sacramento: Loweruka ndikunyamulani ndi K1,000 amayi, koma mvula ikagwa tikambirananso.