Za ntchito ija ndinakufunsani: ndasankha

Mwezi watha ndinafunsa kuti nditani, patatha zaka 3 ndikugwira ntchito ya uloya pa kampani ina ku Blantyre: ndikakhale loya wa banki, kapena ndipite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu osauka pa milandu? Zikomo nonse amene munandiyankha.

Ambiri munati banki, chifukwa cha malipiro ndi ngongole ya galimoto. Sindikukana, ndalamazo zinandikopa ndithu. Koma mkulu wina anandifunsa mwachindunji: "Achimwene, m'zaka zitatuzi mwaima kangati pamaso pa woweruza?" Ndinawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Ntchito yanga inali kulemba makalata olonjerera ngongole ndi kunyamulira abwana mafayilo ku High Court ku Chichiri. Gauni yanga yangokhala pa msomali mpaka yachita fumbi.

Ku banki ndikanangosintha desiki. Ku Legal Aid milandu ndi yochuluka, ya anthu osakwanitsa kulemba loya: a pa rimandi, a mikangano ya malo, amayi amasiye olandidwa chuma. Kumeneko kukhoti n'kosathawika.

Ndavomera kupita ku Legal Aid. Mayi akunyumba sanasangalale kwenikweni, tagwirizana zosamukira kunyumba yotsikirako renti. Ndiyamba mwezi wamawa.