Injini ya njinga yanga yamoto ikulira zachilendo, ndithandizeni asanaitsitse

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere kwa masabata awiri tsopano, ndipo ndikupempha makamaka amakaniko ndi inu amene mwakhalitsa pa njinga zamoto kuti mundiunikire.

Njinga yanga ndi ya 150cc, ya silinda imodzi, four-stroke, yozizira ndi mphepo. Yayenda makilomita 41,000 ndipo chiigulireni injini sinatsegulidwepo. Oyilo ndimasintha ndekha, sindidikira kuti achite kuda bii.

M'mawa wina nditailiza ndinamva kaphokoso kumutu kwa injini, kuti tiki-tiki-tiki ngati makina osokera. Ndikawonjezera moto nakonso kamafulumira. Ndinapita nayo kwa makaniko wina, ndipo ndinafika injini ili juu kutentha poti ndinachokera kutali. Iwo anatsegula pa mavavu nthawi yomweyo, n'kumanga mongoyerekeza popanda choyezera, n'kuti zatheka. Kaphokoso kaja kanathadi. Koma kuyambira tsiku limenelo njinga ikatentha imazima yokha ndikangoima, ndipo kuti ilirenso ndimaponda kiki kasanu kapena kupitirira. Kikiyo nayo yapepuka, sikulimbanso kuphazi ngati kale.

Chomwe chikundiopsa kwambiri ndi phokoso lina, lomwe mwina linalipo kale koma linkabisika. Ili likuti tchekeche-tchekeche, ngati unyolo ukukhula chitsulo. Limamveka bwino njinga itaima injini ikulira, komanso ndikabweza moto mwadzidzidzi. Makaniko wachiwiri anangotchera khutu pang'ono n'kunena kuti con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi shafiti yozungulira ya pansi pa injini, yatha, injini yonse itsike. Mtima wanga ukukana, poti pachitunda njinga ikukokabe. Ndiyambire pati kuti ndidziwe chomwe chikulira?

Makaniko wa pagulu pano:
Achimwene, asaitsitse kaye. Muli ndi mavuto awiri osiyana, ndipo loyambalo mwachita kupatsidwa. Mavavu sayezedwa injini ili yotentha. Njinga igone usiku wonse, izizire bwinobwino, kenako pisitoni ikwezedwe pamwamba pomwe mavavu onse awiri atseka, chizindikiro cha T cha pa flywheel, gudumu lolemera la m'mbali mwa injini, chilunjikane ndi mzere wake. Apo ndi pomwe amalowetsa feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mpata wa pakati pa vavu ndi chitsulo choikankha. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri mpata wake umakhala pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm, koma nambala yeniyeni muione m'kabuku ka njinga yanuyo.

Mpata umenewo unaikidwa dala. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndiye vavu yomwe yamangidwa mopitirira imalephera kutseka bwino, mphamvu n'kumathawira pomwepo. N'chifukwa chake kiki yapepuka ndipo njinga ikuzima ikatentha. Choopsa n'chakuti vavu ya utsi imataya kutentha kwake pokhudza pomwe imakhalira. Ikamakhala yotseguka pang'ono nthawi zonse, imapsa m'mphepete. Ine vavu yolira pang'ono sindiiopa, ndimaopa yomwe yangoti zii. Konzani izi msanga.

Funso langa: injini yanuyo ili ndi timing chain, tcheni cha m'kati mwa injini choyendetsa mavavu, kapena ndi ya ma pushrod, timitengo tachitsulo tokankha mavavu, monga ya mtundu wa Honda CG? Ikakhala ya ma pushrod ndiye kuti tcheni mulibemo, tiyang'ane kwina.

Mayi wina woyendetsa njinga:
Bambo, yesani ichi chosafuna sipanala. Njinga ili pa nyutulo, injini ikulira, kokani kilatchi. Phokoso likatha, n'kubweranso mukasiya, ndiye kuti likuchokera ku clutch basket, chitsulo chomwe mbale za kilatchi zimakhalamo. Yanga inachitapo zimenezi ndipo ndinayenda nayo nthawi yaitali osavuta. Onaninso pomwe ekizozi imalumikizana ndi injini. Gasiketi ya pamenepo ikaphulika imalira ngati mavavu, ndipo pamaoneka mwaye wakuda.

Wina:
Ingothiranimo oyilo wolemera, phokoso litha lokha.

Makaniko wa pagulu pano:
Ayi achimwene, musamuphunzitse zimenezo. Oyilo wolemera amangophimba phokoso, chomwe chikudyekacho n'kumapitirira kudyeka. Athire oyilo wa njinga zamoto yemwe kabuku kakunena, wolembedwa JASO MA, chizindikiro chakuti ndi woyenera kilatchi ya njinga, chifukwa kilatchi imasambira mu oyilo yemweyo.

Bambo wina wachikulire:
Mwana wanga, con rod ikatha siilira ngati unyolo. Imagogoda pansi pa injini, go-go-go, mawu ake olemera ngati munthu akumenya chitsulo ndi hamala, ndipo zimanyanya injini ikatentha kapena mukaipatsa katundu. Pisitoni yomwe yayamba kugwedera m'silinda imalira kwambiri m'mawa, injini ikatentha n'kuchepa. Palinso kulira kwina, ngati timiyala m'chitini, komwe kumabwera pachitunda mukakhala pa giya yaikulu njinga ikuyenda pang'onopang'ono. Kumeneko ndi petulo kuphulika nthawi isanakwane, ndipo mukatsitsa giya kumatha.

Tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga muigunditse pa injini, chogwirira muchitsamiritse kukhutu. Yambani kumutu, mutsike m'mbali mwa silinda, mumalize pansi, mbali zonse ziwiri. Samalani ekizozi ingakuwotcheni, ndipo musayandikire waya wa pulagi. Mukatero mukhetse oyilo m'beseni loyera n'kupita naye padzuwa. Beling'i ya con rod ikamadyeka, oyilo amanyezimira ndi tizitsulo. Tsegulaninso kasefa ka oyilo muone chomwe kagwira.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, ndachita zonse lero m'mawa. Injini ndi ya timing chain. Kilatchi ndakoka, phokoso silinasinthe ngakhale pang'ono. Pa ekizozi palibe mwaye. Ndi sikuludiraiva, pansi pa injini pakungomveka kulira kosalala, koma nditafika m'mbali mwa silinda, kumanzere komwe kumadutsa tcheni, ndinachita kuchotsa khutu. Likumveka ngati lili m'mutu mwanga momwe.

Oyilo ndamuyang'ana padzuwa, ndapendeketsa beseni uku ndi uku, palibe chonyezimira. Koma m'kasefa ndapeza tizidutswa takuda tinayi, kakakulu ngati njere ya mpunga. Ndayesa ndi maginito, sitikumata. Ndikatipana ndi chikhadabo tikuphwanyika ngati pulasitiki youma. Timeneti tachokera kuti?

Makaniko wa pagulu pano:
Mwapeza nokha achimwene. Timeneto tabenthuka ku ma guide, timizere tokutidwa ndi labala yolimba tomwe timing chain imatsetserekapo. Tcheni chikatalika, kapena tensioner, kachitsulo kochikankha kuti chikhale chokungika, ikasiya kukankha, tchenicho chimakwapula m'mbali n'kumadya ma guide aja. Ndi phokoso lomwe mukulimva pobweza moto. Zizindikiro za con rod sindikuzionapo apa.

Koma musayendenso nayo. Tcheni cholendewera chikhoza kulumpha dzino pa sprocket ya camshaft, kagudumu ka mano ka shafiti yotsegula mavavu, ndipo zikatero vavu imatseguka pisitoni ikukwera, ziwirizi n'kuwombana. Auzeni achotse tensioner muione ndi maso anu ngati ikutulukabe ndi mphamvu. Tcheni, ma guide ndi tensioner ndi bwino kusinthira limodzi, chifukwa tcheni chatsopano pa guide yodyeka sichichedwa kuyambanso kulira. Pa injini zambiri za mtundu uwu ntchitoyi sifuna kugawa injini pakati. Poti mutu udzakhala utachotsedwa, aonenso vavu ya utsi ngati sinayambe kupsa m'masabata awiri amenewa.

Mwini funso:
Ndamva bambo. Njinga ndaiimika, ndichita kuinyamula popita kugalaja. Feeler gauge ndigula yangayanga, ndipo mavavu adzayezedwa m'mawa injini itazizira, ine ndili pomwepo. Tizidutswa tija ndasunga m'kabotolo kuti ndikawaonetse.