TV ya m'holo yathu sikuona malaputopu a alendo, thandizeni nzeru

Wa IT pa loji, Mangochi:
Akuluakulu, ndagwira njakata. Abwana anachotsa pulojekita m'holo ya misonkhano n'kupachika pakhoma TV ya mainchesi 75, ya Google TV. Chingwe safuna kuchiona pansi, ati alendo amapunthwa nacho komanso holo imaoneka yosalongosoka. Akufuna aliyense wobwera kudzachititsa maphunziro azionetsa sikirini ya laputopu yake pa TV popanda chingwe. Pa laputopu ya ku ofesi, ya Windows 11, ndikadina batani la Windows pamodzi ndi K imafufuza n'kungoima osapeza kanthu. Mu Chrome ndikadina Cast, ikuti palibe chipangizo. TV ili pa Wi-Fi ndipo YouTube ikusewera bwinobwino. Lolemba kukubwera gulu la anthu oposa 40. Ndiyambire pati?

Wokonza makompyuta, Limbe:
Achimwene, yambani mwaifunsa kaye laputopuyo ngati imatha. Tsegulani Command Prompt mulembe netsh wlan show drivers. Chakumapeto muona mzere wakuti Wireless Display Supported. Ukhale Yes, ndipo m'mbali mwake Graphics Driver ndi Wi-Fi Driver zonse zikhale Yes. Imodzi ikakhala No, vuto lili pa dalaiva kapena khadi la Wi-Fi. Malaputopu akaunjika omwe amabwera atawaikanso Windows mwachangu ndiwo amakonda zimenezi, chifukwa amatsala ndi dalaiva wa Microsoft Basic Display Adapter, yemwe sangaonetse kanthu popanda chingwe.

Wa IT pa loji, Mangochi:
Ndaona bambo, zonse zitatu zikuti Yes.

Wa manetiweki, Lilongwe:
Ndiye laputopu ilibe mlandu. Apa pali mavuto awiri osiyana, musawaphatikize.

Loyamba ndi la Windows ndi K. Batani limenelo limafufuza zipangizo za Miracast, njira yomwe a Wi-Fi Alliance anakhazikitsa mu 2012 ndipo inalowa mu Windows kuyambira pa 8.1. Miracast imagwiritsa ntchito Wi-Fi Direct, kutanthauza kuti laputopu ndi TV zimalumikizana zokha, rauta kapena intaneti sizifunika. Ndi yomwe a LG amaitcha Screen Share, a Hisense pa ma TV awo a VIDAA amati Anyview Cast kapena Screen Sharing, ndipo pa Samsung imapezeka ngati Screen Mirroring. Koma TV zambiri za Google TV ndi Android TV sizibwera ndi Miracast. Zimabwera ndi Google Cast, ija ya Chromecast yomwe Google inatulutsa mu 2013. Iyo ndi njira ina kotheratu, ndipo Windows ndi K siiona ngakhale mutadikira tsiku lonse. Ya Apple, AirPlay, ndi yachitatu, nayonso payokha. Choncho TV yanu sinawonongeke, mukungoiitana ndi njira yomwe siiyankha.

Lachiwiri ndi la Chrome, ndipo ili ndiye londidabwitsa, chifukwa pamenepo inayenera kuoneka. Tandiuzeni: TV ndi laputopu zili pa Wi-Fi iti?

Wa IT pa loji, Mangochi:
Zonse zili pa imodzi mayi, ija ya alendo. M'holo ndi yokhayo yomwe imafika ndi mphamvu.

Wa manetiweki, Lilongwe:
Ndi pamenepo. Lowani m'makonzedwe a access point yanu (bokosi lofalitsa Wi-Fi) muyang'ane mawu akuti Client Isolation kapena AP Isolation. Pa Wi-Fi ya alendo nthawi zambiri amakhala atayatsidwa. Ntchito yake ndi yoti chipangizo chilichonse chizitha kupita pa intaneti koma chisaone chinzake chomwe chili pa Wi-Fi yomweyo. N'chifukwa chake YouTube ikusewera, pakuti TV ikutuluka kunja bwinobwino. Koma Chrome pofufuza TV imatumiza uthenga wa mDNS kwa onse a pa netiweki, pa UDP port 5353, n'kudikira kuti wina ayankhe. Access point ikumeza uthengawo, TV siikumva n'komwe kuti ikufunidwa.

Woika ma CCTV ndi madishi, Zomba:
Basi nkhani yatha. Zimitsani isolation yo, mphindi ziwiri, Lolemba mudzagone mtima uli m'malo.

Wa manetiweki, Lilongwe:
Ayi bambo, pamenepo ndikukana. Wi-Fi imeneyo ndi ya alendo onse a pa loji, ogona m'zipinda ndi okhala ku bala omwe. Mukazimitsa, laputopu ya mlendo wina iyamba kuona ya mnzake, mafoda omwe anasiya otsegula, mapulinta, zonse. Komanso aliyense yemwe ali pa Wi-Fi imeneyo atha kutumiza chake pa TV ya m'holo. Mwana ali ku chipinda adina Cast pa foni, makatuni atulukira pakhoma anthu ali pakati pokambirana bajeti. Achimwene a ku Mangochi ndi omwe akaitanidwe ku ofesi ya abwana, osati ife.

Holo ikhale ndi netiweki yakeyake. Ngati access point yanu imalola, tsegulani SSID ina (dzina lina la Wi-Fi) ya holo yokha, yopanda isolation, pa VLAN yake (chigawo chakechake cha netiweki). Ngati siilola, tengani karauta kakang'ono ka dual band (kogwira pa 2.4 GHz ndi 5 GHz) mukaike m'holo momwemo. TV muilumikize ku karautako ndi chingwe cha LAN chodutsa kuseri kwake, choti palibe achione, kuti pa mphepo pazingoyenda laputopu yokha. Laputopu ikhale pa 5 GHz. Pa 2.4 GHz pali matchanelo atatu okha osalowererana, 1, 6 ndi 11, ndipo anthu 40 akalowa ndi mafoni ndi ma MiFi awo chithunzi chiyamba kudukaduka. Chenjezo limodzi: chingwe cha intaneti cholowa mu karautako muchitenge ku mbali ya alendo, osati ku switch ya ku ofesi, apo ayi wochititsa maphunziro azitha kufika pa kompyuta ya akaunti. Pasiwedi muzipatsa woyankhula yekha ndipo muzisintha gulu likachoka.

Woika ma CCTV ndi madishi, Zomba:
Ndamva mayi, za mwana wa ku chipinda sindinaziganizire. Koma bwanji osangogula kadongo (dongle, kachipangizo kolandira chithunzi) ka Miracast kotsika mtengo kaja, kobaya pa HDMI? Sikafuna rauta, sikafuna bandulo, Windows ndi K imakaona nthawi yomweyo. Ine ndaikira anthu ambiri m'nyumba.

Wokonza makompyuta, Limbe:
Kadongo kamathandiza, koma kotsika mtengo kali ndi zake zoti mudziwe. Tambiri timagwira pa 2.4 GHz pokha, ndiye m'nyumba timayenda bwino koma m'holo yodzaza timavutika. China ndi moto. Anthu amakabaya pa USB ya TV, pomwe ma USB 2.0 ambiri amapereka 500 mA basi. Kakayamba kugwira ntchito yeniyeni kamazima n'kuyakanso kokha, munthu n'kumaganiza kuti ndi netiweki. Kapatseni chaja yakeyake ya foni, ya 5V yofika 1A kapena kuposa, mubaye kukhoma. Komanso tina tili ndi kabatani kosinthira pakati pa Miracast ndi AirPlay kapena DLNA. Kakakhala mbali inayo, Windows siikaona. Mukamagula funsani ka 5 GHz, ndipo mukayesere m'sitolo momwemo ndi laputopu yanu musanapereke ndalama. Kukakhala kuseri kwa TV yaikulu choncho, gwiritsani ntchito kachingwe kowonjezera ka HDMI kuti kasuzumire m'mphepete, chifukwa thupi la TV limatchinga siginolo.

Wophunzitsa za makompyuta, Mzuzu:
Ndilowepo ngati munthu amene ndimaima kutsogolo m'maholo ngati amenewa. Pali chinthu chomwe amisiri simuchiona chifukwa mumayesa ndi vidiyo kapena desktop, osati ndi PowerPoint munthu akuyankhula.

Mu Chrome mukasankha Cast screen, TV imaonetsa zomwe zili pa sikirini yanga ndendende. Sindingakhale ndi Presenter View, ija yoti ine ndiziona manotsi anga ndi slide yotsatira pomwe anthu akuona slide yokha. Ndikaitsegula, manotsi anga onse ali pakhoma. Uthenga wa WhatsApp ukalowa, holo yonse yawerenga. Miracast ndi yosiyana, chifukwa Windows imaitenga TV ngati sikirini yachiwiri. Ndidina Windows ndi P, ndisankha Extend, ndipo PowerPoint igawa yokha. Kwa ine ichi chokha n'chifukwa chokwanira choti kadongo kakhalepo, ngakhale Cast itayamba kugwira.

Chinanso, achimwene a ku Mangochi, konzekani kuti alendo ena adzabwera ndi malaputopu a ku ntchito otsekedwa. Alibe Chrome, sangaike pulogalamu, VPN (njira yotetezedwa yolumikizira ku netiweki ya ku ntchito kwawo) imayaka yokha, firewall sangaikhudze. VPN ikamatenga zonse zotuluka mu laputopu, TV ya pa netiweki ya m'holo siioneka, ndipo mabungwe ena amatsekeratu Miracast kudzera mu Group Policy, malamulo omwe a IT awo amaika mu Windows. Munthu wotere simungamuthandize popanda chingwe, ndipo musayese kumasula laputopu ya eni ake. Chingwe cha HDMI chikhalepo ndithu.

Wa IT pa loji, Mangochi:
Aphunzitsi, mfundo ya manotsi ndaigwira. Koma chingwe ndi chomwe abwana akukana. Kuchokera pa TV kufika pa tebulo la woyankhula ndi pafupifupi mamita 18 ndikatsata khoma.

Woika ma CCTV ndi madishi, Zomba:
Apo ndiye pa ntchito yanga. Abwana sakudana ndi chingwe, akudana ndi kuchiona. Mamita 18 ndi ambiri kwa chingwe wamba cha HDMI. Kupitirira mamita 10 kapena 15 chimayamba kuthwanima kapena kuda kumene. Gulani HDMI extender yoyenda pa Cat6 (chingwe cha netiweki), mabokosi awiri aang'ono, lina kuseri kwa TV lina pansi pa tebulo. Ambiri amafika mamita 50. Cat6 yo muidutse mu trunking (kapaipi kobisa mawaya) yoyera m'mphepete mwa khoma cha pansi, muipake penti yofanana ndi khomalo. Pa tebulo pazingotuluka kachingwe ka mita imodzi. Ikaniponso adaputa ya USB-C kupita ku HDMI, muimange ndi cable tie kuti isapite m'chikwama cha mlendo, chifukwa malaputopu atsopano opyapyala ambiri alibe bowo la HDMI. Gwiritsani Cat6 ya kopa weniweni, osati ija ya aluminiyamu yokutidwa ndi kopa, pakuti ma extender sagwirizana nayo pa mtunda wautali.

Wa IT pa loji, Mangochi:
Ndabwera ndi lipoti. Isolation inali yoyatsidwadi. Sindinaikhudze. Ndinatenga rauta ya dual band yomwe inangokhala m'stolo, ndaika m'holo, TV ili pa LAN. Chrome yaiona TV nthawi yomweyo ndipo mawu akutulukira komweko. MacBook ya mlendo wina yatumizanso bwino kudzera mu Chrome. Kadongo ka 5 GHz kabwera ndi basi kuchokera ku Blantyre, ndakabaya pa HDMI 2 ndi chaja yake, Extend ikugwira. Abwana avomera trunking nditawaonetsa kuti sidzaoneka.

Zatsala ziwiri. Pa kadongo, m'mphepete mwa chithunzi mwadulidwa, taskbar ikuoneka theka. Ndipo mbewa ikuchedwa, ndikaisuntha pa laputopu imafika pa TV patapita kanthawi.

Wokonza makompyuta, Limbe:
Kudulidwako ndi overscan. TV ikukulitsa chithunzi pang'ono ngati kuti ndi cha wailesi yakanema yakale. Muli pa HDMI 2 pomwepo, lowani mu Picture kapena Screen, mupeze kukula kwa chithunzi. Mayina amasiyana: LG amati Just Scan, Samsung amati Fit to Screen, Sony amati Full Pixel, ena amangolemba Overscan kuti muzimitse. Makonzedwe amenewa ndi a bowo lililonse palokha, ndiye mukabweretsa extender pa HDMI 1 mudzachitenso komweko. Madongo ena alinso ndi poti muchepetse chithunzi m'makonzedwe awo, koma yambani ndi TV kuti zilembo zisafufutike.

Wa manetiweki, Lilongwe:
Kuchedwako sikungatheretu. Laputopu imapanikiza chithunzi kukhala vidiyo ya H.264, n'kutumiza, kadongo n'kumasula, kenako TV nayo imachikongoletsa isanachionetse. Gawo lomalizali ndi lomwe mungadule: ikani HDMI 2 pa Game Mode ndipo muzimitse zosalaza kayendedwe ka chithunzi. Pa laputopu ikani sikirini yachiwiriyo pa 1920 x 1080, musaikakamize kupita pamwamba. Kwa ma slide ndi Excel zikwana. Wobwera ndi vidiyo yaitali mumuike pa chingwe. Musadabwenso wina akatsegula filimu ya pa Netflix kapena zina zotetezedwa n'kuona mdima pa TV mawu okha akumveka. Ndi chitetezo cha eni filimu, si netiweki yanu.

Wophunzitsa za makompyuta, Mzuzu:
Ganiziraninso za magetsi. Akazima jenereta isanayake, TV, rauta ndi kadongo zonse zimayambiranso, laputopu yokha ndiyo imatsala yoyaka, ndipo woyankhula amayenera kulumikizanso anthu akumuyang'ana. Ka UPS (batire yosunga moto magetsi akazima) kakang'ono pa rauta ndi chaja ya kadongo kamafupikitsa kudikirako. Mu TV mufufuze poti iziyakira pa bowo lomwe inali isanazime, osati pa tsamba loyamba la Google TV. Ndipo matani pepala pa tebulo, la mizere itatu yokha: Windows, dinani Windows ndi K, TV ikhale pa HDMI 2, Mac kapena Chromebook, lowani pa Wi-Fi ya holo mutsegule Cast mu Chrome, zikakana, chingwe chili pansi pa tebulo, HDMI 1.

Wa IT pa loji, Mangochi:
Overscan ndazimitsa, taskbar yabwerera yonse. Pa Game Mode mbewa ikutsatira msanga kuposa poyamba. Pepala ndilemba usiku uno. Bambo a ku Zomba, funso lomaliza: extender ija ndiidutse pa rauta ya m'holo, popeza nayo ndi ya Cat6, kapena ikhale ndi chingwe chake?

Woika ma CCTV ndi madishi, Zomba:
Chingwe chake, kuchokera bokosi kufika bokosi, osadutsa pa rauta kapena switch. Mabowo ndi ofanana koma zoyenda mkatimo si za netiweki, ndipo ma extender ena amatumiza moto pa chingwe chomwecho, atha kukuotcherani rauta. Yokhayo yolembedwa kuti HDMI over IP ndiyo imalowa pa switch. Mitu yonse iwiri ya chingwe mumange motsatira T568B (ndondomeko ya mitundu ya mawaya), muyese ndi tester musanatseke trunking, ndipo chingwecho chisagone limodzi ndi mawaya a magetsi.