Phospho-ERK sakutuluka pa Western blot yanga, ndikulakwitsa pati?

mwana_wa_lab
Akuluakulu ndithandizeni mutu waima. Tikuyesa mankhwala ena pa ma cell kuti tione ngati akudzutsa ERK1/2 (ma protein awiri otumiza uthenga mu cell), ndiye pa Western blot (njira yoonera protein ngati timizere pa kapepala kotchedwa membrane) ndikugwiritsa ntchito antibody ya phospho-ERK ija ya Thr202/Tyr204, yomwe imagwira ERK wodzuka yekha, womatidwa phosphate. Ndapanga blot katatu konse, kawiri membrane inatuluka mbee opanda kanthu, kachitatu inangoda ponseponse ngati poto wa pa mbaula. Chondizunguza nchoti antibody ya total ERK (yogwira ERK yense, wodzuka ndi wogona yemwe) ikugwira bwinobwino, timizere tiwiri tija pa 44 ndi 42 kDa tikuoneka. Blocking (kuphimba membrane kuti antibody isamate paliponse) ndikupangira mkaka wa ufa 5%, primary (antibody ya phospho-ERK yo) 1:1000 usiku onse mu fuliji. Antibody yatsala yochepa zedi ndipo kuti ina ifike mpaka miyezi, a supervisor sindinawauze nkomwe kkkk

gogo_pipette
Musanaiimbe mlandu antibody, mu lysis buffer mwanumo (madzi ophwanyira ma cell aja) mwaikamo chani? Paja kinase ntchito yake nkumata phosphate pa protein, ndipo ERK naye kuti adzuke amamatidwa phosphate ndi kinase yotchedwa MEK, koma mu cell momwemo muli ma phosphatase omwe amamatula, ndiye mukangophwanya ma cell aja popanda chowaletsa amayamba kumatula pompo, pofika pa gel ERK alipo koma phosphate inapita kalekale. Nchifukwa chake total ikutuluka, iyo ilibe nazo ntchito kaya phosphate ilipo kaya palibe. Thirani sodium orthovanadate ndi sodium fluoride, ndizo zimaletsa ma phosphatase wo, ndipo chilichonse muzipangira pa ice. Osati tube ili pa benchi inu mukuyankha WhatsApp ayi.

kachere_92
Kuda kwa membrane ko ine ndikukaikira mkaka. Mu mkaka muli casein ndipo casein yo ili ndi phosphate yakeyake, ma phospho antibody ena amakakamira pamenepo. Alipo anthu omwe mkaka umawayendera ndithu, sindikukana, koma poti antibody yanu ndi yowerengera madontho musachite nayo juga, pitani pa BSA (protein ya m'magazi a ng'ombe) 5% mu TBST (madzi otsukira membrane aja). Primary yosungunula kale ija musataye, isungeni mu fuliji imagwiranso kawiri katatu. Mukathiramo sodium azide kuti isaonongeke muzitsuka membrane mokwanira chifukwa azide imapha HRP, enzyme ya pa secondary (antibody yachiwiri) yomwe imapangitsa mizere kuoneka, ine zinandionekera, sabata yonse kufunafuna vuto.

gogo_pipette
Ndinaiwala chachikulu. Positive control, sample yomwe mukudziwa kale kuti iyenera kutulutsa mzere, muli nayo? Chifukwa mwina blot yanu ikunena zoona, mankhwalawo sakudzutsa ERK basi. Tengani ma cell ena muwamane serum usiku umodzi, mmawa muwathire EGF (protein yodziwika kuti imadzutsa ERK) mphindi 5 mpaka 10 kenako lysis. Amenewo akapanda kutulutsa mzere ndiye tikambe za antibody. Ngati muli ndi U0126 ikani lane ina ya EGF ndi U0126 pamodzi, muyambe kuthira U0126 yo, imatseka MEK ndiye mzere ukuyenera kuzimirira, apo mwadziwa kuti chomwe mukuonacho ndi phospho-ERK weniweni. Komanso mankhwala anuwo mukumawasiya nthawi yaitali bwanji? ERK amadzuka msanga nkugonanso.

mwana_wa_lab
Eish. Ndakaona botolo lomwe ndimathira mu lysis buffer lija, ndi protease inhibitor yokha (yoteteza protein kuti isadulidwe, osati yoletsa phosphatase), ine ndimkangoti inhibitor ndi inhibitor. Ndipo ma cell ndimakolola patatha maola 24 😭 EGF ilipo mu freezer ya lab yoyandikana nafe ndikapempha mawa, ndipanga mphindi 5, 15, 30 ndi ola limodzi. BSA yo ndisefe kaye kapena ndingosungunula?

kachere_92
Sefani, apo bii timadontho takuda tidzadzaza membrane yonse.