Zomwe ndapeza pa funso la mawu a Chingerezi onena za kulepheretsedwa

Sabata yatha ndinafunsa za mawu oyenera kulemba mu lipoti lofotokoza kuti mvula yachedwetsa ntchito yomanga mlatho, ndipo ndikuthokoza nonse amene munayankha. Ambiri munati ndilembe "prevented", koma mawu amenewa amasonyeza kuti ntchitoyo sinachitike n'komwe, pamene ife tinkaigwirabe movutikira, magalimoto onyamula simenti akutitimira m'matope. Choncho ndasankha "hampered", omwe tanthauzo lake n'lofanana ndi la "hindered" ndi "impeded", ngakhale kuti omalizawa amamveka olemera kwambiri kwa owerenga wamba. "Restricted" ndawasiya chifukwa kawirikawiri amanena za malire oikidwa mwadala, monga mmene boma la Malawi linachepetsera chiwerengero cha anthu osonkhana pamodzi mu 2020 chifukwa cha Covid-19.