Mpikisano wa uta ndi mivi ku Mzuzu, mphoto ndi ndalama: tiyambire pati?

A admin, chonde ndiponyereni funsoli koma dzina mubise. Ndikufuna nzeru kwa amene munayendetsapo mpikisano wokhala ndi mphoto ya ndalama, kaya wa pool, kaya wa bawo, bola munaonapo momwe anthu amasinthira nkhope ndalama zikakhala patebulo.

Kuno ku Mzuzu tili ndi kagulu kolasa chandamale ndi uta. Timakumana Loweruka masana cha ku Luwinga, m'munda mwa mnzathu wina akakolola. Mauta ogula, aja a recurve (amakono, a nsonga zopindikira kutsogolo), alipo ochepa, anabwera nawo m'bale wina kuchokera ku Johannesburg ndipo timangobwerekana. Ena onse ndi osema tokha. Palinso madala angapo a ku Mzimba amene amabwera ndi mauta achikale ndi mivi ya bango. Musawaone imvi madala amenewa, pafupi saphonya.

Tagwirizana kuti mu Seputembala, chisanu ndi mawawa zikatha, tichititse mpikisano woti aliyense alowe. Kulowa K5,000. Woyamba atenge K100,000, wachiwiri K60,000, wachitatu K40,000. Tikuyembekezera anthu 40.

Pamene pativuta ndi apa. Anyamata a recurve akufuna mtunda wa mamita 70 ngati ku Olympics, akuti chochepera apo ndi masanje. Madala akuti ngati ndi choncho iwo asunga K5,000 yawo. Ndiye tiwasakanize kapena tiwalekanitse? Tikawalekanitsa, mphoto tigawa bwanji? Chilolezo timakatenga kuti? Nanga muvi ukagwera pamzere penipeni, pakati pa bwalo la mapointi 9 ndi la 10 pa chandamale, aweruze ndani, poti tonse okonza mpikisanowu tikufunanso kupikisana nawo? Thandizeni, mapositala sitinasindikize.

Mayi wa kaunjika, Chibavi:
Achimwene, masamu anuwo munawabwereza? Anthu 40 aliyense K5,000 ndi K200,000. Mphoto zanu zitatu kuphatikiza ndi K200,000 yomweyo. Nanga bwalo, mapepala a chandamale, madzi, chakudya cha oweruza, zichokera m'thumba mwa ndani? Ndipo 40 ameneyo ndi wapakamwa. Tsikulo kukagwa maliro ku Mchengautuwa kapena kukakhala mpira waukulu pa Mzuzu Stadium, mudzaona anthu 20.

Woyendetsa mipikisano ya pool, Chiputula:
Mayiwa anena zoona. Uta ine sindinaugwirepo, koma za mphoto ndaziona. Mukapeza wothandiza, kaya mwini shopu kaya wa bizinesi ya matabwa, apereke ndalamayo m'manja musanalengeze, ndiye mulembe K100,000 papositala mtima uli m'malo. Wolonjeza kuti adzabweretsa tsiku lomwelo muzimuwerenga ngati kulibe. Ndinaonapo opambana atakhala pabenchi mpaka mdima, foni ya bwana wolonjezayo ili yozima, anthu n'kuyamba kunyamula mipando ya eni malo ngati chikole.

Ngati wothandiza palibe, musalembe chiwerengero chilichonse. Lembani kuti pa K100 iliyonse yolowera, K70 ndi ya mphoto, K30 ndi yoyendetsera. Pa ya mphotoyo woyamba theka, otsalawo agawane monga mungagwirizane, koma mulembe. Akabwera ochepa mphoto ichepa, ndipo palibe amene mwamunamiza.

Msungichuma asapikisane nawo. Ndalama zilowe pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba, dzina la wolipira lilowe m'kope, kulembetsa kutsekedwe tsikulo lisanafike. M'mawa mwake muwerenge pamaso pa onse kuti alipira angati, zonse pamodzi zingati. Ngongole ayi, olo akhale alamu anu. Mikangano yonse imene ndinaiona inabadwira pa chinthu chimene okonza anangogwirizana pakamwa osalemba.

Mwini funso:
Zikomo nonse awiri. Za K70 ndi K30 zandigwira mtima, ndikazitula kwa anzanga. Nanga za mtunda?

Mphunzitsi wa masewera, Katoto:
Anyamata anu a mamita 70 auzeni adekhe. N'zoona kuti ku Olympics a recurve amalasa pa mamita 70, koma chandamale chake ndi chachikulu masentimita 122, ndipo amaponya mivi 72 pongofuna kusanja kuti wamphamvu ndani, mapointi onse 720. Mmalawi mnzathu Areneo David anakalasa pa mtunda umenewo ku Rio mu 2016 komanso ku Tokyo, koma anafikako atazolowera uta wake wake, osati wobwerekana Loweruka. Uta wobwereka, choyang'anira chake anachichuna wina malinga ndi diso lake. Pa mamita 70 tsiku lonse lidzathera kusaka mivi m'tchire.

Malamulo a World Archery, bungwe loyendetsa masewerawa pa dziko lonse, alinso ndi mtunda wa mamita 18, chandamale cha masentimita 40, mivi 60 yoponya itatuitatu, mapointi 600. Umenewu ndi mpikisano weniweni, akatswiri a dziko lonse amaulasa. Inu poti ndi koyamba, tengani mamita 18 omwewo, mivi ikhale 30 kuti nthawi ikwane. A recurve alase cha masentimita 40, a mauta osema muwapatse chachikulu, 60 kapena 80.

Kusakaniza ayi. Uta wa recurve uli ndi choyang'anira ndi ndodo zoletsa kugwedera, mivi yake yonse ndi yolemera mofanana. Muvi wa bango uliwonse uli ndi khalidwe lakelake. Mukawaika pamodzi ndiye kuti madala akusonkhera mphoto ya anyamata. Magulu awiri, ndipo gulu lililonse lipikisanire ndalama zimene lasonkha lokha.

Kawerengedwe n'kosavuta. Chandamale chili ndi mabwalo 10. Achikasu apakati ndi 10 ndi 9, ofiira 8 ndi 7, abuluu 6 ndi 5, akuda 4 ndi 3, oyera 2 ndi 1. Muvi ukakhudza mzere umalandira pointi yapamwambayo, ndiye wanu wa pakati pa 9 ndi 10 uja ndi 10. Koma amene amauona ndi thunthu la muvi pomwe laima, osati kukula kwa bowo limene pepala lang'ambika. Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: munthu asakhudze muvi kapena pepala mapointi onse asanalembedwe. Ndinaonapo mwana wina akupita ku chandamale akuseka, n'kutsamira muvi wake ndi chala ngati akuloza, muvi uja n'kupendekera pamzere. Kusukulu timangomudzudzula, koma pali K100,000 zimenezo ndi zibakera.

Pa chandamale chilichonse ikani anthu anayi, makadi olembapo akhale awiri m'manja mwa anthu awiri osiyana. Mwini mivi atchule mapointi ake mokweza kuyambira yaikulu, enawo avomereze. Akasiyana maganizo aitane woweruza, ayang'ane ndi galasi lokuza zinthu, chimene wanena chatha. Pomaliza makadi awiriwo afanane ndipo mwini asaine. Mivi ya munthu aliyense ilembedwe zilembo za dzina lake. Mukazula mivi, chongani mabowo onse ndi cholembera, kuti muvi wina ukadzagunda n'kugwa pansi mudzadziwe bowo latsopano.

Mivi 30 ikatha, tengani 8 apamwamba m'gulu lililonse alimbane awiriawiri, wogonja azituluka. Apa ndi pamene oonerera amasangalala. Aliyense mivi itatu, wochuluka mapointi walandira 2, akafanana 1 aliyense, woyamba kufika 6 wapambana. Zikathera 5 kwa 5, muvi umodzi aliyense, woyandikira pakati watenga. Muli nayo tepi ya telala? Mudzaifuna.

Wa sacramento (kabaza wa njinga), Luwinga:
Ine ndili ndi legeni, pa mamita 18 njiwa siidzuka. Gulu langa ndi liti a bwana? Kkkkk

Namwino, Masasa:
Onse mukukamba ndalama, ine ndikuona mwana akudutsa kuseri kwa chandamale. Mabwalo a muno mu Mzuzu ndi njira za anthu. Wopita kuchigayo, wa njinga, mbuzi, onse amadula pakati pa bwalo, ndipo mukamangira chingwe amangoweramira pansi n'kudutsa. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Sankhani malo amene kuseri kwake kuli chitunda kapena khoma, ndipo kuseriko kukhale mamita osachepera 50 opanda njira kapena nyumba. Muike anthu oima m'mbali ndi mbendera zofiira, ntchito yawo ikhale yomweyo basi, osati kuonerera nawo. Oonerera onse kumbuyo kwa olasa. Pakhale bokosi la chithandizo choyamba, ndi galimoto yoti ikhoza kunyamuka nthawi yomweyo. Amene wanunkha mowa abwezeredwe ndalama yake azipita.

Mphunzitsi wa masewera, Katoto:
A namwino mwatikumbutsa chachikulu. Munthu mmodzi yekha akhale ndi wezulo. Kuliza kawiri, olasa afike pamzere. Kamodzi, yambani. Katatu, mauta pansi, kazuleni mivi. Kambirimbiri motsatizana, kasanu kapena kuposa, aliyense aleke pomwepo olo atakoka kale nsinga. Muyeserere zimenezi m'mawa musanayambe. Komanso bwalo musaliyang'anitse kum'mawa kapena kumadzulo, dzuwa lidzawalasa m'maso. Olasa ayang'ane kumwera. Ndipo yambani molawirira, mphepo ya Seputembala imakula masana.

Mkulu wa mpingo, Zolozolo:
Pepani ndifunse ngati kholo. Anthu asonkhe ndalama, mmodzi atenge, enawo abwerere chimanjamanja. Kodi imeneyi si juga yovala jekete? Ana athu atha kale ndi kubetcha pa mafoni, tsopano tiwapatsenso uta?

Woyendetsa mipikisano ya pool, Chiputula:
Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka. Kusiyana kwake n'koti apa wopambana ndi amene dzanja lake lakhazikika, palibe mwayi wa mpira wa ku England. Chimene chimaononga ndi kubetcha kwa m'mbali, oonerera kuyamba kuikirana ndalama kuti uyu amugonjetsa uyu. Chimenecho chiletsedwe poyera, chifukwa ndi chomwe chimapangitsa munthu kuphonya dala. Mwini funso, musaonjezerepo za matikiti amwayi pofuna kupeza ndalama zina, zimenezo zimayang'aniridwa ndi a Malawi Gaming and Lotteries Authority ndipo zili ndi malamulo ake. Ana osakwana zaka 18 akhale ndi gulu lawo laulere, mphoto makope, chikwama, nsapato.

Mkulu wa mpingo, Zolozolo:
Za ana mwayankha bwino. Za akuluzo ndikadali ndi mafunso anga, koma musadzachititse Lamulungu.

Kalaliki wopuma, Chibanja:
Chilolezo chimayambira kwa mwini bwalo. Ngati ndi la sukulu, kalata kwa a hedi. Ngati ndi la khonsolo, ku Mzuzu City Council. Kenako kalata yodziwitsa apolisi, mutchule tsiku, malo, nthawi ndi kuti padzakhala mauta, chifukwa anthu 40 onyamula mivi pamalo amodzi wina akhoza kuimba foni molakwika. Ndikanakhala inu ndikanalemberanso a Malawi National Council of Sports kuti akulumikizeni ndi oyendetsa masewerawa m'dziko muno, mwina angakupezereni woweruza wodziwa. Kalata iliyonse musunge kope lodindidwa. Ma mfumu a dera musawadumphe.

Mdzukulu wa mlenje, Ekwendeni:
Agogo anga akamva izi abwera ndithu. Koma mulembe bwino kuti uta wosema ndi uti, apo ayi wina adzachotsa choyang'anira pa recurve n'kunena kuti naye ndi wachikale. Ukhale wa mtengo kapena nsungwi, wopanda chilichonse chomata, muvi wa bango kapena mtengo. Ndipo muwauziretu madalawo za nsonga. Mivi yawo yosakira ili ndi ngowe zobwerera kumbuyo, ikalowa m'chandamale siituluka popanda mpeni. Asule nsonga zosalala. Yakale yopakidwa ulembe, poizoni uja wa alenje, isiyidwe kudenga komweko, muyendere muvi uliwonse pakhomo.

Choimitsa mivi musagule. Makatoni opsinjiza, kuwasanja mothithikana m'mbali mwake muli kuloza wolasa, kuwamanga zolimba ndi malamba. Kapena thumba lodzaza nsanza za kwa telala, kupondereza mpaka kulimba. Matiresi wamba muvi wa recurve umangodutsa. Miyendo yake matabwa a ku Chikangawa, pakati pa chandamale pakhale masentimita 130 kuchokera pansi, ndipo muchimangirire ndi zikhomo. Chikagwa chafufumimba ndi mphepo mivi ili pomwepo, yonse yathyoka.

Mwini funso:
Abale mwatitsegula maso. Takambirana pa gulu lathu la WhatsApp. Mamita 18, magulu awiri a akulu, la ana laulere, Loweruka. Ine ndi mnzanga mmodzi tavomera kusapikisana nawo, iye asunga ndalama, ine wezulo. Anyamata a mamita 70 akadang'ung'udza, ndiye tawalonjeza kuti mphoto zikaperekedwa adzalase patali mongoonetsa, ngati bwalo lidzalole. Chatsala chimodzi. Mauta a recurve ndi ochepa kuposa ofuna kuwagwiritsa. Eni ake akuti wobwereka akapambana awagawireko mphoto. Tilole?

Mayi wa kaunjika, Chibavi:
Ayi, zimenezo mudzaweruza milandu mpaka Khirisimasi. Ikani mtengo wobwerekera uta, wofanana kwa aliyense, ulipidwe polembetsa, upite kwa mwini uta kaya wobwerekayo apambane kaya aluze. Wothyola muvi alipire muvi, mtengo wake mulembe papositala pomwepo. Ndipo mwini uta asakhale pa chandamale chimodzi ndi amene wamubwereka.