Ndigule chainsaw yanji yodulira mitengo ikuluikulu kuno ku Joni?

Membala wosatchula dzina: Moni abale anga a pa gulu lino. Chonde ndigawireni nzeru, nthawi yandithera. Ndimagwira ntchito ya m'munda ku Randburg masiku atatu pa sabata, masiku enawo ndimasaka maganyu. Bwana wina wandiuza kuti ndikamudulire mitengo itatu ikuluikulu pakhomo pake mwezi uno usanathe, akuti ndikagwira bwino andilumikiza ndi anzake. Vuto ndi makina. Mnzanga amene ndinkabwerekako chainsaw anasamukira ku Durban osatsanzika, R800 yanga anapita nayo, foni sakuyankha. Landilodi wakweza lendi, kumudzi ku Ntcheu akudikira za feteleza, mayi a kunyumba akuti ndisataye ndalama pa chinthu chogwiritsa ntchito kamodzi. Ndasunga R6,000. Pa Facebook Marketplace ndaona ina yolembedwa 58cc (kukula kwa injini) yatsopano m'katoni yotchipa, ina ndi Stihl yakale. Ndigule iti? Nkhwangwa ndimaidziwa bwino, chainsaw ndinagwirapo kangapo podula nthambi.

Bambo a Tadala: Achimwene musavutike mtima. Stihl MS 382, nkhani yatha. Injini ya 72cc, mphamvu 3.9 kW, bar (chitsulo chachitali chomwe tcheni imazungulirapo) ya 50 cm imakoka mosadandaula, ya 63 cm imathekanso. Zipangizo zake zili paliponse mu Gauteng muno, ndipo makaniko aliyense wa makina a m'munda amaidziwa. Za 58cc zopanda dzina zija zisiyeni. Tsiku logula zimalira bwino, koma zikalowa mu thunthu lonenepa zimatentha, pampu ya oyilo imafooka, tcheni imauma n'kuyamba kudya bar. Ndalama zanuzo yatsopano sizikwana, sakani 382 yogwirapo ntchito kapena mkulu wake MS 381.

Wa ku Nkhata Bay: Musanatchule makina, mtengowo ndi wonenepa bwanji? Tengani chingwe, muzungulize thunthu pamsinkhu wa pachifuwa, muyeze chingwecho ndi tepi, mugawe ndi 3. Mukapeza 35 kapena 40 cm, makina a 45cc ngati MS 250 akwanira. Pakati pa 50 cm ndi mita imodzi ndiye a 70cc. Ukapitirira mita mukufunika a 90cc, MS 661 kapena Husqvarna 395 XP, ndipo amenewo ndi a hayala, si ogula pa ganyu imodzi. Mukamadula mbali zonse ziwiri, bar imagwetsa mtengo wonenepa pafupifupi kawiri kutalika kwake. Komanso ndi mtengo wanji? Paini ndi bulugamu wouma sizifanana.

Bambo a Tadala: MS 250 ndi yodulira nkhuni za braai. Munthu wanena kuti IKULUIKULU. Mukufuna agule kamwana, kafe pa mtengo woyamba, abwererenso kudzagula kachiwiri? 382 imagwira zonse, yaing'ono ndi yaikulu yomwe.

Wa ku Nkhata Bay: Akulu, kwa munthu wozolowera kudula nthambi, mtengo wa 40 cm ndi waukulu. N'chifukwa chake ndikufunsa muyeso. Makina a 70cc okhala ndi bar, petulo ndi oyilo amapitirira makilogalamu 7, munthu wosazolowera manja amatopa msanga, ndipo ngozi zambiri zimabwera manja atatopa.

Ankolo a Husky: Gulu lino mumangodziwa Stihl basi. Husqvarna 372 XP ndi 70.7cc, ndipo imapeta fumbi mpweya usanafike pa fyuluta, ndiye fyuluta siitsekeka msanga m'mitengo youma. Ngakhale 61 yakale ija ikadali kugwira ntchito m'malo ambiri. Chenjezo langa ndi la tcheni. Mpata wa bar ya Stihl yaikulu umakhala 1.6 mm, Husqvarna nthawi zambiri 1.5 mm. Mukaika tcheni yopyapyala mu mpata waukulu imagwedera, imadula mokhota. Werengani manambala olembedwa pa bar, mupite nawo kogula tcheni.

Bambo a Tadala: Ankolo, akathyola chingwe choliza Loweruka madzulo, ya Stihl apeza pafupi. Ine ndikunena za munthu wa ganyu, osati wa kampani ya nkhalango ku Sabie.

Makaniko wa ku Jeppe: Inu mukukangana mayina, koma makina amene amafa m'manja mwa anthu athu amafa ndi mafuta. Muyeso ndi 50:1, kutanthauza 100 ml ya oyilo wa 2-stroke mu malita 5 a petulo. Osayerekeza ndi maso, osathira oyilo wa galimoto, osasunga osakanizawo kupitirira mwezi. Oyilo akachepa pisitoni imakanda silinda, injini n'kuuma osazunguliranso. Ngati mukugula yakale chitani izi pamaso pa mwini wake. Masulani ekizozi muone pisitoni ndi tochi, ikakhala ndi mizere yoima isiyeni. Inyamuleni pa chogwirira cha chingwe choliza, ikatsika mofulumira ngati mwala mphamvu ya injini inatha, yabwino imatsika pang'onopang'ono modukiza. Ilizeni ili yozizira, osati atailiza kale iye. Lozetsani nsonga ya bar pa katoni muwonjezere moto, pazioneka mzere wa oyilo. Kankhani chain brake, buleki ya tcheni ija ili kutsogolo kwa chogwirira, tcheni iime nthawi yomweyo. Onaninso nambala ya makina yosindikizidwa pa thupi lake. Ikakhala yofutidwa, mwina ndi yoba, ndipo a Stihl abodza alipo ambiri a mtundu womwewo wa olenji.

Mnyamata wa ku Cosmo City: Pa tcheni thirani oyilo wakuda wotsala ku galaja, ndi waulere, musunge ndalama.

Makaniko wa ku Jeppe: Iwe mphwanga usaphunzitse anthu zoononga. Oyilo wakuda ali ndi tizitsulo tomwe timadya pampu, ndipo samata, amangouluka pa nsonga ya bar osafika pansi pomwe tcheni ikudula. Gulani wa tcheni weniweni, muzidzaza nthawi iliyonse mukathira petulo. China chomwe ambiri sadziwa, Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mpweya ndi wopepuka, ndiye injini iliyonse imataya mphamvu poyerekeza ndi ku Durban, ndipo kabureta yochunidwa kunyanja kuno imamwa mafuta ambiri, imafuka utsi, pulagi imada. Ichunitseni kwa wodziwa. Mukatseka nokha sikuluu ya H ya pa kabureta mopitiriza imalira mokoma kwa kanthawi kenako pisitoni yapsa.

Bambo a Tadala: Mwamva? Mphamvu imatsika kuno. Ndiye ka 45cc kaja katsala ndi chiyani? 382!

Mayi a ku Turffontein: Azibambo, palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa ngati mchimwene wathuyu ali ndi zovala. Chainsaw siikhululuka. Buluku lapadera lokhala ndi ulusi woimitsa tcheni, helemeti yokhala ndi chotchinga kumaso, zotseka m'makutu, magolovesi ndi nsapato za chitsulo kutsogolo. Pa R6,000 imeneyo chotsanipo kaye za zimenezi. Mbali ya pamwamba ya nsonga ya bar ikagunda nthambi makina amadumphira kumaso munthu asanaphethire. Kunyamula mtembo kuchoka kuno kupita ku Ntcheu tonse tikudziwa mmene timasonkhera. Chachiwiri, funsani bwanayo ngati mitengoyo ili mkati mwa mpanda. Ya panja m'mbali mwa msewu ndi ya mzinda, amayang'anira ndi a Johannesburg City Parks and Zoo, ndipo wogwidwa akudula ndi inuyo wogwira makina. Ilinso mitengo yotetezedwa ndi lamulo monga yellowwood, yofunika chilolezo. Ngati thunthu lili ndi timabowo ting'onoting'ono ngati nsonga ya bolopeni, tikutuluka utomoni kapena ufa, ndi kachilombo ka shot hole borer kamene kakupha mitengo ya plane ndi ya oak muno. Nkhuni zake musanyamule kukagulitsa kwina, mufalitsa.

Wa ku Nkhata Bay: Zoona mayi. Ndiwonjezere za kunola, poti makina aakulu a tcheni yobuntha amagonja kwa aang'ono akuthwa. Tcheni ya 3/8 ya Stihl imanoledwa ndi tupa yozungulira ya 5.2 mm, mopendeketsa madigiri 30, mano onse mofanana. Ikayamba kutulutsa ufa m'malo mwa zipalapala, yabuntha. Ikakhudza dothi kapena msomali ngakhale kamodzi, imani munole, ndipo mitengo ya m'mayadi imabisa mawaya ndi misomali yambiri. Pogwetsa, dulani kamwa mbali yomwe mukufuna ugwere, yakuya ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a thunthu. Kumbuyo dulani pamwamba pang'ono, musiye nyama yosadula yokwana gawo limodzi mwa khumi, imeneyo ndiyo imawongolera mtengo. Mukaidula yonse mtengo ugwera komwe wafuna. Mu mpata wa kumbuyowo khomani ma wedge (zokhomera zosongoka mbali imodzi) a pulasitiki, osati achitsulo. Anthu akhale kutali kawiri ndi theka kutalika kwa mtengo.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Wogulitsa Stihl yakale uja akuti ndimutumizire kaye theka la ndalama andisungire, ali ku Germiston. Mayi a kunyumba akwiya kale. Mitengoyo ili mkati, koma umodzi wapendekera ku khoma la aneba komwe kuli waya wa magetsi wa pa mpanda.

Makaniko wa ku Jeppe: Musatumize ngakhale R1 musanaione ndi maso n'kuiliza nokha.

Mayi a ku Turffontein: Wopendekera ku khomawo si wogwetsa wathunthu. Umafunika wokwera ndi zingwe, azitsitsa zidutswa kuchokera pamwamba. Mtengo wopendekera ukadulidwa kumbuyo mwachizolowezi umang'ambika chotalika, thunthu n'kumenya woduladula. Pezani wodziwa kukwera mugawane ndalama, ndipo mumve kwa bwanayo kuti khoma likagwa alipira ndani.

Bambo a Tadala: Wokwerayo akatsitsa nthambi, thunthu lotsala adula ndi chiyani? 382 yomweyo. Achimwene pitani ku Germiston Loweruka, mutenge tochi ndi sipanala.

Wa ku Nkhata Bay: Achimwene, muyeso uja simunatiuzebe. Ndi masentimita angati, ndipo ndi mitengo yanji?